Ma like miliyoni imodzi, phindu lake n'lotani?

Madzulo ena m'mwezi wa Marichi 2012, anthu zikwizikwi anasonkhana pabwalo mumzinda wa Lira, kumpoto kwa Uganda, kudikira kanema. Ena anachokera kumidzi wapansi, ena panjinga. Pakati pawo panali anthu amene zigawenga za Lord's Resistance Army zinawaphera abale, kuwabera ana, ngakhale kuwadula milomo ndi makutu.

Kanemayo anali Kony 2012, wa mphindi 30, wopangidwa ndi bungwe la ku America la Invisible Children. Dziko lonse linali litaonera kale pa YouTube. Eni nkhani ndiwo anatsalira, poti ambiri analibe intaneti, ndipo n'chifukwa chake bungwe la achinyamata la m'deralo, African Youth Initiative Network, linaimika chinsalu panja.

Pachinsalupo panatuluka mzungu, Jason Russell, akufotokozera kamwana kake za munthu woipa dzina lake Joseph Kony, mtsogoleri wa zigawengazo. Panatuluka malaya, zibangili ndi mapepala omata pakhoma, zonse zolembedwa dzina la yemwe anawazunzayo. Nkhondo imene kanemayo ankasimba inali itachoka ku Uganda zaka zingapo m'mbuyomo.

Kung'ung'udza kunakula. Miyala inayamba kuuluka.

Anthu anabalalika mumdima, ndipo okonza zochitikazo anaimitsa zokaonetsa kanemayo m'madera ena. Masiku omwewo n'kuti manyuzipepala a kunja akulengeza kuti kanemayo waoneredwa maulendo oposa 100 miliyoni m'masiku 6 okha, liwiro limene linali lisanaonekepo pa intaneti.

Bungwe lililonse lachifundo limene latsegula tsamba pa Facebook, X, Instagram kapena TikTok limakumana ndi funso limene lili m'nkhaniyi. Ntchito ya pa masamba a mchezo imadya ndalama ndi nthawi, ndipo akuluakulu a bungwe pamodzi ndi opereka thandizo amafuna kudziwa chimene yabweza. Manambala ndiye alipo, aulere, osintha mphindi iliyonse. Chovuta n'kudziwa nambala imene ikukamba za ntchito yeniyeni ya bungwelo.

Cholinga cha Kony 2012 chinanenedwa poyera: Kony agwidwe chakacho chisanathe. Pa 20 Epulo oonera anapemphedwa kutuluka usiku kukamata mapepala m'mizinda yawo, koma m'malo ambiri anabwera owerengeka chabe. Mu Disembala 2014 bungwelo linalengeza kuti likutseka ntchito zake zambiri ku America. Mu 2017 asilikali a America ndi Uganda anasiya kusaka, Kony asanapezeke, ngakhale khoti la International Criminal Court linali litatulutsa chikalata chomumangira kuyambira 2005.

Komabe kunena kuti zonse zinapita pachabe n'kudula nkhani pakati. Ndalama zimene bungwelo linalandira chaka chimenecho zinakwera kwambiri poyerekeza ndi za chaka chapita. Mu 2013 boma la America linalonjeza mphotho yofika $5 miliyoni kwa wopereka uthenga wothandiza kugwira Kony, ndipo Invisible Children inali pakati pa amene anakankha lamulo lake. Asilikali pafupifupi 100 amene pulezidenti Barack Obama anatumiza kuderalo anali atapita kale mu Okutobala 2011, kanemayo asanatuluke, choncho sangawerengedwe ngati chipatso chake. Ndipo mawailesi amene bungwelo linaika m'midzi ya ku Congo ndi Central African Republic, kuti anthu azichenjezana zigawenga zikamayandikira, sankaoneka paliponse pa chiwerengero cha oonera.

Kampeni ndi imodzi, koma yankho limasintha malinga ndi chimene munthu wasankha kuwerenga.

Lipoti la kumapeto kwa mwezi

M'mabungwe ambiri ang'onoang'ono ntchito yoyeza imagwera munthu mmodzi. Ndi yemweyo wojambula zithunzi kumunda, wolemba nkhani, woyankha mauthenga usiku. Mwezi ukatha amatsegula Meta Business Suite n'kuyamba kukopera manambala mu Excel: positi inafika kwa anthu angati, ma like angati, ndemanga zingati, otsatira atsopano angati. Pambali pa nambala iliyonse pali kamuvi. Timivi tikaloza kumwamba, lipoti limakoma, ndipo pamsonkhano wa Lolemba anthu amagwedeza mitu.

Nthawi zambiri sipapezeka wofunsa kuti positi imene inapambana zonse inali yotani. Kawirikawiri imakhala chithunzi cha bwana akulandira mlendo, kapena chilengezo cha ntchito, chimene anthu ofuna ganyu amachigawana ngati moto.

Akatswiri a kalondolondo amaika manambalawa m'masitepe. Pansi penipeni pali zimene bungwe lachita, monga kuchuluka kwa mapositi ndi mavidiyo. Pamwamba pake pali anthu amene uthenga unadutsa pamaso pawo, kenako amene anachitapo kanthu patsamba lomwelo. Sitepe yotsatira ili kunja kwa tsamba: kupereka ndalama, kulembetsa ngati wodzipereka, kusaina chikalata, kupita ndi mwana ku katemera. Pamwamba pa zonse pali kusintha kumene bungwelo linakhazikitsidwira.

Munthu akamakwera masitepewa manambala amachepa, kuwapeza kumavuta, ndipo tanthauzo lawo limakula. Malipoti ambiri amathera pa sitepe yachitatu chifukwa ndi pamene makina amalekezera kupereka zaulere. Buku la Beth Kanter ndi Katie Delahaye Paine la mu 2012, Measuring the Networked Nonprofit, linatchuka m'mabungwe chifukwa cholimbikira mfundo imodzi, yoti bungwe liyambe lanena chimene likufuna chisinthe, kenako lisankhe chowerenga.

Mpata pakati pa chala ndi thumba

Kutalika kwa mtunda pakati pa sitepe yachitatu ndi yachinayi kunayezedwapo. Kevin Lewis, Kurt Gray ndi Jens Meierhenrich anafufuza gulu la Save Darfur pa Facebook, limene linali ndi mamembala oposa 1 miliyoni okhudzidwa ndi kuphedwa kwa anthu kumadzulo kwa Sudan. Zotsatira zinatuluka mu 2014. Pa zaka zoposa ziwiri ndi theka, mamembala 99.76 pa 100 alionse sanapereke kalikonse. Ndalama zonse zinangopitirira pang'ono $90,000.

Membala aliyense, masenti 8.

Kafukufuku wina, wa Nicola Lacetera, Mario Macis ndi Angelo Mele, anatsatira kampeni imene inafika kwa anthu pafupifupi 6.4 miliyoni pa intaneti. Anthu anadina, ma like anabwera. Zopereka zinakwana 30.

Nthambi ya UNICEF ya ku Sweden inatopa nazo. Mu 2013 inatulutsa malonda ouza anthu mosabisa kuti akapatsa tsamba lake like, ana amene alandire katemera wa poliyo ndi ziro, pamene mayuro 4 akwanira ana 12. Bungwe lalikulu chotero kunyoza nambala imene ena onse ankathamangira chinali chachilendo, ndipo malondawo anafala kwambiri pa masamba omwewo amene ankawadzudzula.

Chifukwa chake anthu amaima pa like chinafufuzidwa ku University of British Columbia, ku Canada. Kirk Kristofferson, Katherine White ndi John Peloza anagawa kaduwa kofiira kokumbukira asilikali omwe anafera kunkhondo. Ena anapatsidwa kuti avale pachifuwa pomwepo, ena anapatsidwa mu envelopu. Patsogolo pang'ono onse anapemphedwa ndalama. Amene anabisa kaduwa mu envelopu anapereka zambiri kuposa amene anavala. Ofufuzawo anati munthu akaonetsa pagulu kuti ndi wachifundo, chimene ankafuna wachipeza kale, ndipo dzanja silifikanso m'thumba.

Like ndi kaduwa kovala pachifuwa.

Pamene zinabereka

Zimenezi sizitanthauza kuti masamba a mchezo ndi opanda pake, ndipo umboni waukulu ndi chidebe cha madzi oundana. Pakati pa 2014 anthu ku America anayamba kudzithira madzi ozizira pamutu, kudzijambula, n'kutchula anzawo kuti nawonso achite kapena apereke ndalama zolimbana ndi ALS. Amenewa ndi matenda amene amapha mitsempha yoyendetsa minofu, mpaka munthu kulephera kuyenda, kulankhula, kumeza ndi kupuma. Odwala awiri, Pete Frates ndi Pat Quinn, ndiwo anathandiza kwambiri kuti masewerawa afale. Mavidiyo anapitirira 17 miliyoni pa Facebook.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yosavuta kuyeza n'chakuti panali pofanizira. Bungwe la ALS Association linkalengeza ndalama zimene lalandira pambali pa zimene linalandira masiku omwewo chaka chapita. Pofika kumapeto kwa Ogasiti linali litadutsa $100 miliyoni, pamene nyengo yomweyo mu 2013 linapeza $2.8 miliyoni. Pomaliza zinakwana $115 miliyoni. Popanda nambala yaing'ono ija, yaikuluyo sikanauza munthu zambiri.

Phindu lenileni linachedwa kuoneka, ndipo silinabwere loyera lokhalokha. Gawo lalikulu la ndalamazo linapita ku kafukufuku. Mu 2016 asayansi a Project MinE, amene analandirako $1 miliyoni, analengeza kuti apeza jini yotchedwa NEK1 yokhudzana ndi matendawa. Mankhwala a Relyvrio, amenenso anathandizidwa ndi ndalama za chidebe, anavomerezedwa ku America mu 2022, koma mu 2024 anachotsedwa pamsika atalephera pa kuyesa kwakukulu. Woyeza mu 2014 akanaona ndalama. Woyeza mu 2022 akanaona mankhwala. Woyeza mu 2024 akanalemba zina.

Kubwereza kunakanikanso. Mu 2015 anayesa kudzutsa masewerawo, koma sanafike ngakhale pafupi. Bungwe limene lingalembe bajeti yake poyembekezera mwayi wotere likudzinamiza, ndipo ALS Association yeniyeniyo siinayambitse masewerawo. Inangowalandira.

Chitsanzo china chosakhudza ndalama ndi cha pa 1 Meyi 2012, pamene Facebook inalola anthu kulengeza kuti akufuna kudzapereka ziwalo zawo akamwalira, n'kuika linki yopita kokalembetsa. Madokotala a ku Johns Hopkins anapeza kuti tsiku loyamba anthu 13,054 analembetsa pa intaneti ku America, pamene tsiku wamba ankalembetsa 616. Anayang'ananso olembetsa kudzera ku maofesi opereka malaisensi a galimoto, n'kupeza kuti kumeneko sikunasinthe. Kuyang'ana kwachiwiriku ndiko kunatsimikiza kuti kukwerako kunachokera ku Facebook.

Ndalamayi yabwera ndi ndani?

Ngakhale ndalama zitalowa, kudziwa khomo limene zadzera n'kovuta. Mu Marichi 2014 amayi ku Britain anayamba kuika zithunzi zawo asanadzole kanthu kumaso, n'kumapempha anzawo kuti athandize kafukufuku wa khansa. Cancer Research UK sinayambitse zimenezi, koma inachita changu kuika nambala yotumizirako uthenga wa pafoni. M'masiku 6 inalandira £8 miliyoni.

Wopereka ankayenera kulemba liwu lakuti BEAT. Ena analemba DONATE, ndipo ndalama zoposa £18,000 zinalunjika ku UNICEF. Ena foni inawakonzera yokha liwulo kukhala BEAR, n'kupezeka akulandira uthenga wa bungwe la WWF wowathokoza kuti akufuna kusamalira chimbalangondo cha kumadzi oundana.

Zosokonekera zotere zimachitika tsiku lililonse, kungoti mwakachetechete. Mayi amaona vidiyo pa Facebook Lachiwiri, amamva za bungwe lomwelo kutchalitchi Lamlungu, n'kudzapereka kudzera kubanki mwezi ukatha. M'mabuku a bungwe ndalamayo yabwera ndi banki. Wina amadina linki ya pa Instagram n'kupereka, chonsecho ndi wopereka wakale amene akanaperekabe. M'mabuku ndalamayo yabwera ndi Instagram. Mbali ina masamba a mchezo amaberedwa ulemu, mbali ina amapatsidwa wosayenera.

Zida zochepetsera vutoli zilipo. Linki iliyonse ikhoza kupatsidwa kachizindikiro kotchedwa UTM, kamene kamauza Google Analytics kumene mlendo wachokera. Kampeni iliyonse ikhoza kukhala ndi nambala yake kapena liwu lake lolemba potumiza ndalama. Palinso njira yakale imene ambiri amaiderera, yongomufunsa woperekayo kuti anamva kuti. WhatsApp ndiye amathawa zida zonsezi, pakuti kuyambira 2016 mauthenga ake onse ndi otsekedwa, ndipo chithunzi chimene chazungulira magulu mazana sichisiya phazi limene bungwe lingaliwerenge.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi yosiya dala anthu ena osawafikira. Maja Adena ndi Anselm Hager anachita zimenezi ndi Save the Children ku Germany. Madera a positi ofesi pafupifupi 8,000 anagawidwa mwamaere, ena n'kuonetsedwa mavidiyo opempha thandizo pa Facebook, ena ayi. Kenako anafanizira ndalama zonse zimene bungwelo linalandira kuchokera ku magulu awiri a maderawo, posatengera njira imene zadzera. Kumene kunaonetsedwa mavidiyo zopereka zinakwera, ndipo zambiri sizinadzere pa linki ya malondawo. Anapezanso china chosakoma: zopereka kwa mabungwe ena ogwira ntchito yofanana zinatsika m'madera omwewo.

Phindu la bungwe limodzi likhoza kukhala kutaya kwa linzake, ndipo palibe lipoti la mwezi limene lili ndi mzere wolembapo zimenezo.

Mwini sikelo

Mlimi amene wagulitsapo chimanga kwa venda amadziwa kuwawa kwa kuyezera pa sikelo ya wogula. Pa masamba a mchezo, kampani imene imagulitsa malo a malonda ndi yomweyo imene imauza bungwe kuti malondawo ayenda bwanji.

Kwa zaka zambiri Facebook inkawerenga kuti vidiyo yaoneredwa ikangoyenda masekondi 3, ngakhale mawu atatsekedwa, chala chikupitirira pansi. Mu Seputembala 2016 kampaniyo inavomera kuti kwa zaka ziwiri inkakweza molakwika nthawi imene anthu ankakhala akuonera vidiyo. Otsatsa malonda anaisumira, ndipo mu 2019 inavomera kulipira $40 miliyoni kuti mlandu uthe. M'zaka zimenezo mabungwe ambiri anali atasunthira ndalama zawo ku mavidiyo pokhulupirira manambala omwewo.

Malamulo amasinthanso popanda kufunsa. Mu Januwale 2018 mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, analengeza kuti anthu aziona kwambiri zolemba za abale ndi anzawo kuposa za masamba a mabungwe ndi makampani. Tsamba la otsatira ambiri linapezeka likufika kwa ochepa, pokhapokha litalipira. Mu Epulo 2021 Apple inayamba kufunsa eni iPhone ngati akulola kutsatidwa, ambiri anakana, ndipo kulondola munthu kuchoka pa malonda mpaka pa chopereka kunavuta. Mu 2024 Meta, kampani ya Facebook, inatseka zida zake zoperekera ndalama ku mabungwe m'maiko a European Economic Area, n'kutsekanso CrowdTangle, chida chimene atolankhani ndi ofufuza ankaonera mmene nkhani zikufalira.

Nambala ikagwa mwezi wotere, wolakwa si wolemba lipoti wa mu ofesi uja. Ikakwera, mwinanso si luso lake.

Otsatira enieniwo si onse anthu. Meta imanena yokha kuti imachotsa maakaunti abodza mamiliyoni mazanamazana pa miyezi itatu iliyonse. Bungwe limene linagulako otsatira kuti lioneke lalikulu limadzipweteka kawiri, poti mapositi ake amakafika kwa anthu osakhalapo, ndipo makina akaona kuti palibe akuyankha amachepetsanso kufalitsa.

Mbali ya zowonongedwa

Mawu akuti Facebook ndi yaulere asokoneza mabajeti ambiri. Kutsegula tsamba n'kwaulere. Malipiro a woliyendetsa, bandulo, kamera, mafuta opitira kukajambula, womasulira ndi ndalama zokwezera positi si zaulere. Bungwe litawononga K600,000 pa kampeni n'kupeza opereka atsopano 40, ndiye kuti aliyense lamugula K15,000. Ngati aliyense wapereka K5,000 kamodzi n'kusowa, bungwe lataya. Ngati theka la iwo lipitiriza mwezi ndi mwezi kwa chaka, lapindula kwambiri. N'chifukwa chake osonkhanitsa thandizo odziwa ntchito amayang'ana kuti ndi angati abweranso, ndipo kampeni saiweruza sabata yomwe yathera.

Apa pali msampha wina. Ndalama zobwera kudzera pa zida za kampani ina nthawi zambiri zimafika popanda dzina kapena nambala ya woperekayo. Bungwe limalandira thumba, koma silingathe kuthokoza, kapena kupemphanso.

Njira ina imene imapezekabe m'malipoti ndi yowerengera kuti anthu onse ofikiridwawa akanadya ndalama zingati zikanakhala zotsatsa zolipira, n'kulemba ndalamazo ngati phindu. Akatswiri oyeza ntchito zofalitsa mauthenga, pamsonkhano wa bungwe lawo la AMEC ku Barcelona mu 2010, anaikana njirayi poyera. Mtengo wa malo olengezera sunena kanthu za zimene wakumvayo wachita.

Pali mtengo winanso wosalembedwa mu Excel. Chithunzi cha mwana wowonda chimakoka maso kuposa cha komiti ya m'mudzi ikukonza mjigo, ndipo woyang'ana manambala okha adzasankha choyambacho nthawi zonse. Mu 2019 phungu wa ku Britain David Lammy anadzudzula bungwe lachifundo la Comic Relief chifukwa cha chithunzi cha munthu wotchuka, Stacey Dooley, atanyamula mwana ku Uganda. Mu Okutobala 2020 bungwelo linalengeza kuti lasiya kutumiza anthu otchuka kukajambula ku Africa, ndipo lizigwiritsa ntchito ojambula a m'maiko momwemo. Ulemu wa ojambulidwa ndi mbiri ya dera lawo ndi zina mwa zimene kampeni imawononga, ndipo amalipira ndi anthu amene saona n'komwe lipotilo.

Kumene ambiri sali pa intaneti

Ku Malawi funso loyamba ndi lakuti tsambalo likulankhula ndi ndani. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, kumene wailesi, mfumu, mpingo ndi alangizi a zaumoyo amafika patali kuposa Facebook. Bungwe lophunzitsa za kadyedwe ku Nsanje likhoza kukhala ndi otsatira ambiri amene ali ku Lilongwe, Johannesburg ndi London. Mapositi a Chingerezi, okhala ndi zizindikiro za opereka thandizo pakona, amaonetsa okha amene akuwalunjika.

Kulankhula ndi opereka thandizo si tchimo, ndi ntchito ndithu, ndipo ili ndi muyezo wake: makalata ofunsa mgwirizano, atolankhani oimba foni, thandizo lowonjezeredwa. Cholakwika chimabwera pamene anthu amene positi inawadutsa pamaso alembedwa m'lipoti pa mzere umodzi ndi amayi amene anakhala pansi pa mtengo maola awiri akuphunzira kuphika phala la soya. Onse amatchedwa ofikiridwa, ndipo nambala imatupa.

Kukweza positi kumalipiridwa m'ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa munthu aliyense wofikiridwa unakwera tsiku limodzi, uthenga uli womwewo.

Chitsanzo cha kuyeza kooneka ndi maso chinachitika mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta ndipo zipatala zikusowa zida zoperekera mpweya. Mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook, ndipo Amalawi a kuno ndi akunja anasonkha. Otsogolera ntchitoyo ankalengeza patsamba lomwelo ndalama zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi chipatala chimene chalandira. Muyezo unali masilinda a okosijeni, ndipo kulengezako n'kumene kunkalimbitsa mtima opereka ena. Tsambalo linagwira ntchito ziwiri, kupempha ndi kuwerengera anthu.

Kwa mabungwe amene cholinga chawo ndi kusintha khalidwe, umboni uli m'kaundula wa kuchipatala, wa kusukulu kapena wa nambala yaulere yoimbirako. Uthenga wa katemera ukafalitsidwa m'boma limodzi, chiwerengero cha obwera chifanizidwe ndi cha miyezi yapitayo komanso cha boma loyandikana limene silinaulandire. Mlembi wa pakhomo la chipatala akhoza kuwonjezera funso limodzi lofunsa kumene munthu anamva. U-Report, imene UNICEF inayambitsa ku Malawi mu 2018, imafunsa achinyamata maganizo awo kudzera pa uthenga waulere wa pafoni, choncho imafika ndi kwa amene ali ndi foni ya mabatani. Mayankho ake ndi a amene anasankha okha kulowa, ndipo ayenera kuwerengedwa motero.

Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza pa mbali ya ndalama, chifukwa chopereka chilichonse chimasiya tsiku, nthawi ndi nambala. Bungwe likhoza kuika mndandanda umenewu pambali pa masiku amene linaponya mauthenga, n'kuona ngati zikuyendera limodzi, komanso ngati nambala yomweyo yabweranso mwezi wotsatira.

Mndandanda wotere ndi chuma chimene kusintha kwa malamulo a Facebook sikungachilande, koma uli ndi udindo wake. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ndiyo ikuliyang'anira, limafuna kuti wosunga mayina ndi manambala a anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, awauze eni ake ntchito imene adzagwiritse, ndipo awateteze kuti asagwere m'manja mwa ena. Nambala imene munthu anatumizira thandizo la osefukiridwa ndi madzi siingatengedwe mwachisawawa n'kuponyedwa m'gulu la WhatsApp la kampeni ina.